Mwana pa quad: chimene madokotala ndi opanga makinawa akukanganirana

Pa quad iliyonse ya akuluakulu imene imagulitsidwa ku America pamamatidwa chenjezo loti munthu wosakwana zaka 16 asaiyendetse. Amalimata pamalo poti aliyense wokhala pa chishalo sangalephere kuliona. Koma bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la Consumer Product Safety Commission, lomwe ambiri amangoti CPSC, litasonkhanitsa malipoti a imfa za pa makinawa kuyambira 1982 mpaka 2018, linapeza anthu oposa 15,000, ndipo oposa 3,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 16 zomwezo. Ndiye kuti pa maliro asanu alionse, amodzi anali a mwana. Ofufuza atayang'ana makina amene anawa anafera, anapeza kuti oposa 9 pa ana 10 alionse anali pa quad ya akuluakulu. Amene amapita nawo kuchipatala atavulala ndi ambiri kuposa pamenepa: kwa zaka zambiri akhala ali cha m'ma 100,000 pa chaka, ndipo pafupifupi mmodzi pa anayi alionse ndi mwana.

Kwa amene sanaionepo, quad ndi njinga yamoto ya matayala anayi onenepa. Woyendetsa amakhala atatangadza miyendo, amagwira mahandulo, ndipo moto amauwonjezera pokankha kachitsulo ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja. Ku America amaitchula kuti ATV, ku Britain, Australia ndi South Africa amati quad. Alendo oona malo amaikwera ku Livingstone kufupi ndi Victoria Falls ndiponso pa milu ya mchenga ya ku Swakopmund ku Namibia, ndipo amene anagwirapo ntchito m'mafamu a ku South Africa kapena ku Britain amaidziwa ngati chida choyendera ziweto ndi mipanda. Koma nkhani ya ana inakulira ku America, komwe makinawa alipo mamiliyoni ndipo mabanja ambiri akumidzi amawaona ngati chinthu wamba cha pakhomo.

Imene inatchukitsa makina oterewa ndi kampani ya Honda, kuyambira mu 1970. Ogulitsa njinga zamoto ku America ankadandaula kuti nyengo yachisanu ikafika malonda amaima, choncho ankafuna chinthu choti chiziyenda pa chipale chofewa, m'matope ndi mumchenga. Injiniya wa kampaniyo, Osamu Takeuchi, anapanga kanjinga ka matayala atatu, limodzi kutsogolo awiri kumbuyo, ka injini ya 90cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini). Kanali kafupi, matayala ake ofufuma kwambiri, ndipo ukakasiya kankaima kokha osagwa. Vuto linayambira pomwepo. Kholo limene silikanalola mwana wake kukhudza njinga yamoto ya matayala awiri linkaona kuti chinthu choima chokha sichingagwetse munthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 malonda anakwera kwambiri, makampani ena a ku Japan nawo analowa, ndipo ovulala anayamba kuchuluka m'zipatala. Suzuki inatulutsa ya matayala anayi mu 1982.

Mu December 1987 boma la America linakasumira makampaniwa kukhoti ponena kuti makinawa akuika miyoyo ya anthu pachiswe. Mlanduwo sunazengedwe mpaka kumapeto. Mu April 1988 mbali ziwirizi zinasainirana mgwirizano wa zaka 10, ndipo makampani asanu, Honda, Yamaha, Suzuki, Kawasaki ndi Polaris, anavomera kusiya kugulitsa zatsopano za matayala atatu ndiponso kuphunzitsa ogula kwaulere. Anavomeranso kuti za injini ya pakati pa 70cc ndi 90cc zikhale za ana a zaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo zoposa 90cc zikhale za azaka 16 kupita m'tsogolo. Za matayala atatu zimene zinali kale m'makomo palibe anazilanda, zinapitiriza kuyenda. Mgwirizanowo utatha mu 1998, makampani analonjeza kupitiriza kutsatira mfundo zake mwa kufuna kwawo. Zaka zotsatira mainjini anakula. Lero quad ya 700cc kapena 1,000cc si yachilendo, ndipo zina zimathamanga kuposa makilomita 100 pa ola. Mu 2008 nyumba ya malamulo ya ku Washington inasandutsa miyezo ya kapangidwe ka makinawa kukhala lamulo, makamaka chifukwa panali patalowa makina otsika mtengo ochokera kwa opanga atsopano amene sanasaine nawo chilichonse.

Kuti munthu amvetse chimene madokotala akuopa, ayenera kuyamba waona mmene quad imakhotera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo difu ndiyo imalola kuti awiriwa azizungulira pa liwiro losiyana. Ma quad ambiri alibe difu kumbuyo. Matayala awiri akumbuyo amamangidwa pa chitsulo chimodzi ndipo amazungulira mofanana nthawi zonse, kotero makinawo mwachibadwa amafuna kupita kutsogolo basi. Kuti akhote, tayala lamkati liyenera kupepuka n'kutsetsereka pang'ono pa dothi, ndipo amene amalipepuza ndi woyendetsa: amaponda mwamphamvu ndi phazi lakunja kwinaku thupi lake lakumtunda atalipendekera mkati mwa kona. Pokwera chitunda amasunthira kutsogolo, nthawi zina mpaka kuimirira. Potsika amasunthira kumbuyo kwenikweni. Podutsa cham'mbali mwa phiri amapendekera kumtunda. Thupi la munthu ndi mbali ya chiwongolero.

N'chifukwa chake chishalo cha quad chimakhala chachitali. Anthu ambiri akachiona amaganiza kuti ndi malo a munthu wachiwiri, n'kukwezapo mwana kutsogolo kapena kumbuyo. Kutalikako ndi koti woyendetsa azisunthira uku ndi uku. Pakakwera wina, woyendetsa amasowa posunthira, ndipo kulemera kumapita m'mwamba ndi kumbuyo, komwe kumachititsa kuti kutsogolo kunyamuke pa chitunda.

Tsono ikanipo mwana. Quad ya akuluakulu nthawi zambiri imalemera pakati pa makilogalamu 250 ndi 400, pamene mwana wa zaka 10 amalemera makilogalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono. Bambo wa makilogalamu 80 akasuntha, makinawo amamva. Mwana akasuntha, ngakhale atasuntha bwino bwanji ndiponso pa nthawi yake, makinawo samva kanthu. Mikono yake ndi yaifupi, moti akakhotetsa mahandulo mpaka kumapeto dzanja limodzi limatsala pang'ono kutaya. Zala zake sizifikira bwino chogwirira mabuleki. Ndipo munthu akachita mantha amafinya chimene wagwira, pomwe pa quad chala chachikulu chimakhala chili kale pa kachitsulo kowonjezera moto. Zonsezi sizikukhudza n'komwe nzeru za mwanayo. Mwana womvera, wochenjera, amene wakulira pa famu, ndi wopepuka mofanana ndi mnzake wopulupudza.

Chimene chimachitika quad ikagubuduzika n'chosiyananso ndi cha njinga yamoto. Njinga ya matayala awiri ikagwa nthawi zambiri imamutaya munthu kumbali. Quad imakonda kumutsatira n'kumugwera. Makilogalamu 300 ndi matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo akakhala pachifuwa pa munthu, mapapo amalephera kufutukuka. Ofufuza a pa University of New South Wales ku Sydney, motsogozedwa ndi Raphael Grzebieta, ataunika imfa za pa quad ku Australia anapeza kuti gawo lalikulu la anthu ofera m'mafamu anafa chifukwa chobanika atapanikizika pansi pa makinawo, ena alibe bala lalikulu lililonse. Akanapezeka munthu wowachotsera katunduyo msanga, akanadzuka n'kumapita. Zambiri mwa ngozi zimenezi zinachitika pa liwiro lochepa, tayala litangogunda mwala kapena chitsa chobisika mu udzu. Helemeti imapulumutsa anthu ambiri ndipo palibe amene amatsutsa zimenezo, koma imateteza mutu, osati chifuwa.

Madokotala a ana ku America, kudzera m'bungwe lawo la American Academy of Pediatrics, anayamba kuchenjeza mu 1987, anabwereza mu 2000, ndipo mu 2022 ananenanso mosapita m'mbali kuti mwana wosakwana zaka 16 asayendetse quad ndiponso asakwezedwepo. Amene anatsogolera kulemba mfundo za 2022 ndi Charles Jennissen, dokotala wa ana wa pa University of Iowa, dera la alimi komwe ngozizi sizisowa. Anzawo a ku Canada a Canadian Paediatric Society amanena chimodzimodzi, ndipo madokotala a opaleshoni a Royal Australasian College of Surgeons akhala akupempha lamulo lotero ku Australia ndi ku New Zealand. Mfundo yawo ndi yosavuta kuimva. Ngati dziko silipereka laisensi ya galimoto kwa mwana wa zaka 12, galimoto yokhala ndi zitseko, denga ndi malamba, n'chifukwa chiyani limulola kuyendetsa makina opanda chilichonse mwa zimenezi, amenenso ndi ovuta kuwongolera kuposa galimoto? Pamwamba pa thupi amawonjezapo za ubongo. Kuyerekeza liwiro ndi mtunda, kuona ngozi isanafike, kudziletsa anzako akamakuchemerera, zonsezi zimakhwima mochedwa, ndipo zina sizikhala zitakhwima ngakhale pa zaka 16.

Opanga makinawa, kudzera m'bungwe lawo la Specialty Vehicle Institute of America, amati kuletseratu si nzeru. Iwo amati mwana apatsidwe quad ya msinkhu wake. Pali ya ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, imene imatuluka m'fakitale itamangidwa kuti isapitirire makilomita 16 pa ola ndipo ikamasulidwa imafika pa 24. Pali za azaka 10 ndi azaka 12, zomangidwa pa makilomita 24 koma zotha kufika pa 48. Palinso ya azaka 14, yofika pa makilomita 61 pa ola. Mwana avale helemeti, aphunzitsidwe, asakweze mnzake, asalowe mumsewu, ndipo kholo likhale pompo. Amanenanso kuti ana akumidzi adzakwerabe, kaya lamulo lilipo kaya palibe, ndiye mukachotsa makina aang'ono mwawakankhira pa aakulu, omwe ndi amene akupha.

Mfundo yomalizayi si yopusa, ndipo inayesedwa mwangozi. Lamulo lija la 2008 cholinga chake chachikulu chinali kuthana ndi mtovu m'zoseweretsa za ana, pambuyo poti zidole zambirimbiri zochokera ku China zinabwezedwa m'masitolo mu 2007. Linaika malire a mtovu pa chinthu chilichonse chopangira ana a zaka 12 kutsika m'munsi. Olemba lamulolo sanaganizire zoti ma quad ndi njinga zamoto za ana nazo zili m'gulu lomweli, ndiponso kuti m'zitsulo zake zina, monga pa mitu ya batire ndi m'mavavu a matayala, muli mtovu. Mu February 2009 ogulitsa anadzidzimuka atauzidwa kuti makina a ana achotsedwe m'masitolo. Katswiri wakale wa mipikisano ya njinga zamoto, Malcolm Smith, amene anali ndi sitolo ku Riverside ku California, anagulitsa ena poyera pofuna kusonyeza kukwiya kwake. A CPSC omwe anavomereza kuti chiopsezo choti mwana anyambite batire n'chaching'ono poyerekeza ndi choti akwere makina a bambo ake, ndipo anaimitsa kaye kulanga ophwanya lamulolo. Linakonzedwa mu August 2011. Kwa zaka ziwiri ndi theka, lamulo loteteza ana linkavutitsa makina aang'ono n'kusiya aakulu ali phee.

Komabe ndikaiyang'ana bwino njira ya makampaniyi, ndimaona kuti yaima pa banja longoyerekeza. Banja lenileni likakhala ndi ndalama zogulira quad imodzi, limagula yaikulu, chifukwa ndi imene ingakoke ngolo, kunyamula chakudya cha ng'ombe ndi kupita kosaka nyama. Likagula yaing'ono, mwana amaipitirira msinkhu pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu. Mnyamata wa zaka 13 amene watalika ngati bambo ake amapindika mawondo pa quad ya ana, amaiona kuti ndi yochedwa, ndipo yaikulu ili pomwepo m'shedi, kiyi ali m'malo mwake. Chomangira liwiro pa makina ambiri a ana ndi kabawuti kamene aliyense wokhala ndi sikuludiraiva angakamasule. Ndipo quad ya ana si yopepuka monga dzina lake likumvekera: zambiri zimapitirira makilogalamu 100, katatu kulemera kwa mwini wakeyo.

Ogulitsa nawo ndi anthu a malonda. Mu 2010 ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka boma, ya Government Accountability Office, inatumiza anthu ake mwachinsinsi kwa ogulitsa 10 m'zigawo zinayi za America, akunamizira kuti akufuna kugulira mwana. Ogulitsa 7 anali okonzeka kuwagulitsa quad ya akuluakulu. Apa n'kuti patatha zaka 22 makampani atalonjeza kukhoti kuti zimenezi sizizichitika. Za makina ogulitsana pamanja, ogwiritsidwa kale ntchito, ndiye palibe amene amafunsa zaka za mwana.

Mawu amene amamveka kawirikawiri mkanganowu ukabuka ndi oti kholo liziyang'anira. Ndi mawu abwino, koma tiyeni tiwaike pa bwalo. Quad yoyenda makilomita 30 pa ola imadutsa mamita oposa 8 pa sekondi imodzi. Kholo laima pakhonde, kapenanso lili pa quad ina kumbuyo. Tayala lalowa m'dzenje, makina anyamuka. Kholo lichita chiyani? Poyang'anira mwana amene akusambira, munthu angathe kudumphira m'madzi n'kumuvuula. Pa quad palibe mpata wotero, ngoziyo imatha mawu asanatuluke pakamwa. Chimene kholo lingachite ndi kuthamanga kukanyamula makinawo, ngati lili ndi mphamvu zake, ndipo zimenezo zapulumutsadi ana ena. Kuyang'anira kumene kumagwira ntchito ndi kwa makina asanalizidwe: kusankha kuti akwere ndani, pa makina ati, malo ati, atavala chiyani, ndiponso kiyi azikhala kuti. Zikafika poti mwana ali pa chishalo ndipo injini ikulira, kholo latsala kukhala mboni.

Palinso ana amene makolo awo sanasankhe chilichonse. Ku Massachusetts, chimodzi mwa zigawo za America, mu 2006 mnyamata wa zaka 8 anapita kukacheza kwa mnzake, kumeneko anakwera quad ya akuluakulu, inamugwera ndipo anamwalira patatha masiku ochepa. Makolo ake, mothandizana ndi Peter Masiakos, dokotala wa opaleshoni ya ana wa pa Massachusetts General Hospital ku Boston, analimbikira kwa zaka zinayi mpaka bwanamkubwa Deval Patrick anasaina lamulo mu 2010. Limadziwika ndi dzina la mwanayo, Sean's Law. Limaletsa osakwana zaka 14 kuyendetsa quad, kupatula ana okulirapo amene ali pa mpikisano wovomerezeka kapena akuukonzekera pamaso pa munthu wamkulu. Azaka 14 mpaka 16 amaloledwa pa injini yosapitirira 90cc, wamkulu ali pompo. Osakwana zaka 18 ayenera kuchita maphunziro. Ndipo wamkulu amene walola mwana kuphwanya lamuloli akudziwa amalangidwa, chomwe kwa ine ndicho mtima wa lamulolo, chifukwa mwana wa zaka 8 sagula quad.

Anthu otsutsa ankati lamulo lotere ndi longolemba papepala, poti wapolisi sangamalowe m'minda ya eni. Mu 2017 magazini ya zachipatala ya Pediatrics inasindikiza kafukufuku woyerekeza zaka za lamulolo lisanabwere ndi za pambuyo pake. Ana a zaka 10 mpaka 13 opita kuchipatala atavulala pa makina oterewa anachepa ndi theka. A zaka 9 kutsika m'munsi anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo a zaka 14 mpaka 17 anachepa ndi 39 pa 100 alionse. Pakati pa akuluakulu a zaka 25 mpaka 34, amene lamulolo silinawakhudze, sipanaoneke kusintha kotere. Massachusetts si Texas kapena West Virginia. Ndi dera laling'ono, la mizinda yambiri, ndipo chimene chinatheka kumeneko mwina sichingatheke chimodzimodzi kwa alimi a ng'ombe a ku Montana. Koma mfundo yoti lamulo silingasinthe kanthu inagwa. Silinafunikire wapolisi pa munda uliwonse. Linangopatsa kholo chonena mwana akamavuta, n'kupatsanso mwini makina chifukwa choopera kukweza mwana wa mnzake.

Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lonena zaka za woyendetsa quad. CPSC ili ndi mphamvu pa kapangidwe ndi kagulitsidwe ka makina, osati pa kagwiritsidwe kake. Chigawo chilichonse chimadzipangira zake, ndipo zambiri mwa zimene zili ndi malire a zaka zimangowaika pa malo a boma, malo a munthu mwini n'kuwasiya. Ku Canada nako n'chimodzimodzi, ngakhale kuti Quebec inaika zaka 16.

Povuta kwenikweni ndi pa famu, chifukwa pamenepo quad si masewera. Mwana amatumidwa kukaona ngati madzi alipo kodyetsera ziweto, kukatseka geti, kukapereka chakudya kwa bambo kumunda wakutali. Malamulo a ntchito ku America amalola mwana wa msinkhu uliwonse kugwira ntchito pa famu ya makolo ake, ngakhale ntchito imene mwana wa mwini wina sangaloledwe. Alimi amanena kuti umu ndi mmene iwonso anaphunzirira, ndipo kuti mwana amene wachedwa kukhudza makina ndi amene amadzavulala akakula. Ku Britain anadula pakati: lamulo la 1998 loteteza ana pa ulimi limaletsa wosakwana zaka 13 kuyendetsa kapena kukwezedwa pa makina a ulimi monga thirakitala, ndipo bungwe loona za chitetezo pa ntchito la Health and Safety Executive limati zimenezi zikukhudzanso quad ikamagwira ntchito ya pa famu. Oposa zaka 13 ayendetse ya msinkhu wawo okha, ataphunzitsidwa. Ireland inalamula kuyambira mu November 2023 kuti aliyense woyendetsa quad pa ntchito avale helemeti ndiponso akhale ataphunzira.

Australia inatenga njira ina, yolimbana ndi makinawo osati wokwerayo. Kumeneko quad inakhala kwa zaka zingapo pa nambala yoyamba pa zinthu zopha anthu m'mafamu. Bungwe loteteza ogula la Australian Competition and Consumer Commission linakonza miyezo imene inakhazikitsidwa mu 2019. Kuyambira mu October 2020 quad yatsopano iliyonse imayenera kukhala ndi kapepala kosonyeza kupendekeka kumene imafika isananyamule matayala, ndipo kuyambira mu October 2021 za ntchito zimayenera kukhala ndi chitsulo choimirira kumbuyo kwa chishalo, choti makinawo akagubuduzika pazitsala mpata pansi pake woti munthu azipuma kapena kukwawa n'kutuluka. Honda, Yamaha, Suzuki ndi Polaris anakana, ponena kuti chitsulocho chingavulazenso munthu, ndipo anasankha kusiya kugulitsa ma quad a ntchito m'dzikomo m'malo mochiika. Makampani ena anatsala n'kutenga msikawo. Chodabwitsa n'choti ma quad a ana sanawaike m'gulu lofunika chitsulochi.

Alimi ambiri a ku Australia, ndiponso mabanja ambiri a ku America, asamukira pa makina ena okhala ngati kagalimoto, a mipando iwiri yoyandikana, chiwongolero chozungulira, malamba ndi zitsulo zotchinga pamwamba. Awa ndi abwinoko ngati munthu wamanga lamba. Akapanda kumanga, amaponyedwa kunja ndipo zitsulo zomwe zimayenera kumuteteza ndi zimene zimamugwera, komanso makinawa ndi olemera kuposa quad. Mu 2009 CPSC inalengeza kuti Yamaha ikonza kwaulere makina ake a mtundu wa Rhino pambuyo pa malipoti a imfa zoposa 40, zambiri zochitika makina atagubuduzika pokhota. Opanga amati makina aakulu a mtunduwu ayendetse munthu wa zaka 16 wokhala ndi laisensi, ndipo wokwezedwa akhale woti msana wake wafika pa mpando, mapazi afika pansi, dzanja lafika pa chogwirira. Mwana wa zaka 5 sakwanitsa zimenezi, koma amakwezedwabe.

Njinga zamoto za m'tchire za matayala awiri ndi nkhani ina. Ana amayamba pa tinjinga ta 50cc monga Yamaha PW50, tolemera pafupifupi makilogalamu 40, ndipo pali mipikisano ya ana a zaka 4. Amathyoka mikono ndi mafupa a m'mapewa, amagunda mitu, ena amafa. Koma njinga ya matayala awiri imasankha yokha wokwera: mwana amene miyendo yake sifika pansi pa njinga ya bambo ake sangaiyendetse n'komwe, imamugwetsa asananyamuke. Quad ilibe mayeso otero. Mwana wa zaka 6 angakhale pa makina a 700cc, n'kutembenuza kiyi, n'kukankha kachitsulo kaja, ndipo makinawo apita.

Ine ndikaika zonsezi pamodzi ndimapendekera kwa madokotala, ngakhale ndikudziwa kuti 16 si nambala yamatsenga. Inachokera ku zaka za laisensi ya galimoto, ndipo pali azaka 17 amene sayenera kupatsidwa ngakhale wilibala. Koma makampani ndi amene ayenera kusonyeza kuti makina awo a ana ndi otetezeka, ndipo umboni umene amadalira kwambiri ndi woti ana ochepa ndi amene amafera pa makina aang'ono. Zimenezo zikusonyeza kuti aang'ono ndi abwinoko kuposa aakulu, osati kuti ndi abwino.

Chimene chimaiwalika ndi kukula kwa gawo limene mbali ziwirizi zikugwirizana. Onse amati mwana asakwere quad ya akuluakulu, asakwezane, avale helemeti, ndipo asalowe mumsewu. Za msewuzi n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti pa tala posalala ndi pabwino kuposa m'tchire. Matayala a quad amapopedwa mpweya wochepa kwambiri, cha m'ma psi 5, pamene a galimoto amakhala cha m'ma 30, ndipo anapangidwa kuti azitsetsereka pa dothi. Pa tala amagwira. Tayala lamkati lija likakana kutsetsereka, makina aatali ndi opapatiza amenewa amanyamuka n'kugubuduzika, ndipo mumsewu munthu amakhala akuthamanga kwambiri, kuli magalimoto. Oposa theka la anthu ofera pa quad ku America amafera m'misewu, ya tala ndi ya dothi yomwe. Bungwe la opanga makinawa limanena poyera kuti silifuna ma quad m'misewu ya anthu onse. Koma m'zaka zapitazi makhonsolo ambirimbiri a m'matauni aang'ono ndi m'maboma akumidzi ku America akhala akutsegula misewu yawo kuti ma quad aziyendamo, pofuna kukopa alendo ndiponso kusangalatsa ovota amene amafuna kupita kusitolo osaliza galimoto. Bungwe loimira ogula la Consumer Federation of America, limodzi ndi madokotala, lakhala likulembera makhonsolo oterowo makalata owachenjeza mmodzimmodzi, ndipo ambiri amawerenga kalatayo n'kuvotabe kuti msewu utsegulidwe.